Usiku Woti Mawa Mayeso

Magetsi athimanso ku hositelo.
Ndayatsa tochi ya foni, ndaiimika m'kapu
kuti iwalire tsamba limodzi lokha:
mafumu a kumpoto mbali iyi, a kumwera mbali iyo,
mayina olumitsa lilime,
zaka zomatsika m'malo mokwera
ngati batire la foni yangayi.

Okutobala wa ku Mangochi sagona.
Thukuta ladonthera pa mfumu ina
imene inalamulira sabata imodzi yokha,
inki yafalikira,
ufumu wake watha kachiwiri.

Lolemba lija a Chindamba anaima pabolodi,
choko chitayeretsa thalauza,
nati: “Za pa guwa zisiyeni pakhomo.
Ndiuzeni, analemba ndani?
Anali kuti polembapo? Anali atataya chiyani?”
Kalasi yonse zii.
Panja akabaza ankaliza mabelu kutsikira ku mlatho.
Kenaka anayankha okha:
masamba ambiriwa anawasoka ndi anthu ogonja,
ali kudziko la eni, mzinda wawo uli phulusa,
akufunsana usiku kuti kodi tinalakwa pati.

Ine ndinabwera kuno kudzafuna pepala
loti malipiro anga a uphunzitsi asunthe pang'ono.
Sindinabwere kudzakumana ndi Twaibu.

Koma ndi uyu, mlongo wanga,
wakhala pakati pa mizere.
Chaka chachisanu ndi chitatu ali ku Joni,
akugona asanu ndi mmodzi m'galaja ya mwini,
ndipo tulo tikamuthawa amajambula mawu n'kutumiza:
bambo akanapanda kugulitsa munda wa ku Namwera,
amalume akanapanda kugawa maukonde maliro asanathe,
agogo akanapanda kukwatira kachitatu.
Kholo lililonse amalipatsa chiganizo chimodzi:
uyu anachita bwino,
uyu ndiye anatipweteka.
Nayenso ndi mlembi wa mbiri,
kungoti palibe amene adzamulembere mayeso.

Akumanga nyumba kwa Mponda kudzera pa foni.
Khoma linafika pa mawindo n'kuima,
mvula zitatu zadutsa,
m'chipinda chodyera mwamera chisoso,
mbuzi za aneba ndiye zinalowa kale.
Ndikawerenga za obwerera kwawo aja,
omanga linga ndi manja otupa,
nkhalamba zikulira poona maziko atsopano
chifukwa zikukumbukira nyumba yakale,
ndimafuna kumufunsa:
ukadzabwera, udzaizindikira?
Ife udzatizindikira?

Ndawerenganso akazi, ndi chala.
Mayi wa mfumu, theka la mzere.
Wina anapulumutsa mudzi wonse, dzina lake palibe.
Amayi athu anasenza njerwa zikwi zinayi
kuchokera pa uvuni kukafika pa maziko,
khosi likulira ngati chitseko,
koma m'mbiri ya Twaibu simuwapeza.
Ndatenga pensulo, m'mphepete mwa tsamba,
pafupi ndi mafumu khumi ndi asanu ndi anayi,
ndalemba: Abiti Sumani.
Buku ndi la laibulale. Akandilipiritse.

Azana yayamba kuseri kwa msika.
Mnzanga wa m'chipinda watembenuka, wafunsa nthawi,
wagonanso mayankho ali kukamwa.
Batire latsala atatu.

Ndikudziwa chimene a Chindamba afunse:
Fotokozani chifukwa chake ufumu unagawanika.
Ndilemba za msonkho,
za thangata yomanga nyumba za mfumu,
za mnyamata amene anakana mawu a akulu
namvera anzake okula nawo.
Malikisi khumi, mwina asanu ndi atatu.
Za maukonde aja sindilemba.

Foni yanjenjemera m'kapu,
kuwala kwagwedezeka pa mafumu onse.
Ndi iyeyo.
Akuti simenti yafika pa zingati kumeneko.